Njinga ya Ababa Isagulitsidwe

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa ana. Mukudzuka bwanji kumeneko? Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukundiwawa ndi zochapa. Ababa m'thupi alibe vuto, akudya, akugona. Za m'mutu mwawo ndi zimene ndikufuna kukuuzani.

Pa foni paja munandifunsa ngati ndili ndi mawu pa nkhani yogulitsa njinga yamoto ya ababa, ine n'kungoti mmene mwaoneramo. Mukundidziwa, ndikamalankhula ndi akulu m'kamwa mumauma. Foni itaduka ndi pamene mawu anandibwerera. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silindiyang'ana m'maso.

Bambo amene munawatuma aja, osonkhanitsa njinga zakale, anabwera. Anaizungulira, anaijambula, anati zamtundu umenewu zatsala zochepa. Akuti mukangowauza abwera ndi galimoto kudzainyamula. Achimwene, musawauze kaye. Muyambe mwawerenga izi mpaka pothera.

Inu munangomva kuti ababa agula chiphakasa. Simunamve mmene zinayambira.

Tsiku limenelo tinkachokera kuchipatala, kumene adokotala anandiuza kuti kuiwala kwa ababa sikudzachepa, kuzingowonjezeka. Tikudutsa pamalo a wogula zitsulo zakale, ababa anaima njii. Pansi pa malata ndi mabedi othyoka panali patatulukira mahandulo. Anati imeneyo ndi njinga ya mtundu umene anaphunzirirapo umakaniko ali mnyamata. Anayamba kutchula ziwalo zake chimodzichimodzi, munthu amene m'mawa womwewo anandifunsa kuti supuni imatchedwa chiyani.

Wazitsuloyo anaseka, akuti madala, imeneyi ndi nkhuku zomwe zinakana kuikiramo mazira. Ababa anamuyankha kuti nkhuku sizidziwa injini. Anagula basi. Tinaikankha mpaka kunyumba matayala ali ophwa, tcheni chikukhokhoma pansi, anthu akutiloza. Ine nkhope inali pansi njira yonse.

Tinaiimika pakhonde lakuseri, pamene malemu amayi ankayanika zovala kukamagwa mvula. M'mawa mwake ababa anadzuka okha, anavala ovolosi yawo yakale, n'kufunsa bokosi la masipanala.

Kagwiridwe kawo ka ntchito mukukakumbukira. Amayala thumba pansi, chilichonse chimene amasula amachiika pamzere kuyambira kumanzere, kuti chomaliza kutuluka chikhale choyamba kubwerera. Ukasuntha bawuti imodzi, wayamba mlandu. Ine ntchito yanga inali kutsuka zitsulo m'palafini ndi mswachi wakutha. M'thanki tinathiramo timiyala n'kumakhutchumula mosinthana mpaka dzimbiri litatuluka ngati phala lofiira. Mu kabuleta tinapezamo dothi la mavu. Gasiketi anadula yawoyawo pa katoni, akugogoda pang'onopang'ono ndi kahamala. Zimene zinasowa anatipatsa anzawo akugaraja aja, amodzi otsala ndi moyo.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Akagwira sipanala, ababa amabwerera. Amandidziwa. Amanditcha sipanala boyi, akuti m'magaraja onse amene anagwiramo sanaonepo sipanala boyi wosayankha mwano ngati ine, vuto langa ndi loti ndimagwira pulayala ngati ndikutola singano. Nthawi imeneyo amakumbukiranso okha kuti amayi anatisiya. Sandifunsa kuti apita kuti.

Inu funso limenelo simunalimvepo. Amafunsa mwaulemu, kuti kodi amayi ako sanabwerebe kumsika? Ndikawauza zoona, amalira ngati maliro achitika lero. Ndikawanamiza, amakakhala pageti kudikira.

Tsiku limene injini ya njingayo inalira ndikanakonda mukanakhalapo. Anaponda kiki kambirimbiri, thukuta kamukamu, iyo n'kumangotsokomola. Kenaka inaphulika kamodzi, utsi wakuda tolotolo khonde lonse. Atelala oyandikana nafe aja anatuluka tepi ili m'khosi, akuti amayesa kuti kwagwa ndege. Ababa sanawayang'ane n'komwe. Anaika dzanja pa thanki, anapendeketsa mutu, n'kumapotokola kasikulu pang'onopang'ono mpaka kulira kwake kunasalala. Anandifunsa ngati ndamva, akuti mawu ake enieni ndi amenewo.

Ndinkayesa kuti tapambana. Sindinadziwe kuti ntchito ikatha, nawonso atha.

Kutacha anapita kukhonde, anaipukuta, anailiza, anaizimitsa. Panalibenso chomasula. Anakhala pampando manja ali pamaondo. Dzuwa lisanafike pamutu anandifunsa za amayi. Masana ndikuchapa anatuluka osandiuza. Atelala ndi amene anakawapeza pokwerera basi, atavala nsapato phazi limodzi, akufunsa anthu njira ya kugaraja kumene kunatsekedwa ine ndisanabadwe.

Tsiku lotsatira, iwo ali kubafa, ndinapita kukhonde n'kukhwefula waya wa pulagi. Ndinabwerera m'nyumba mwachangu ngati mbala. Atatuluka ndinawauza kuti njinga ija ikukana kulira. Achimwene, nkhope yawo inawala. Anaitanitsa ovolosi.

Kuyambira pamenepo ndi mmene tikukhalira. M'mawa uliwonse akamasamba, ine ndimawononga kanthu kamodzi. Lero waya, mawa kansanza pamene pamalowera mpweya, mkuja ndakhwefula tcheni. Iwo amafufuza, amapeza, amakonza, amadya bwino, tsiku latha. Sukulu sindinapite nayo patali, koma njinga imeneyi ndaidziwa ngati khitchini yanga.

Tsiku lina ali chiweramire, osandiyang'ana, anati amene akuwononga njinga imeneyi ali ndi manja abwino, sapweteka mabawuti. Anati ndikamuona ndimuuze kuti za pulagi zatopetsa, ayeseko kabuleta. Ndinathawira kukhitchini. Sindikudziwa ngati ndinkaseka kapena kulira.

Koma masiku ano zasintha. Chimene ankachipeza tiyi asanazizire, tsopano chimawatengera mpaka masana. Ndinayamba kuwononga zosavuta. Sabata yathayi sindinamasule chilichonse, ndinangotseka kampopi ka petulo kali pansi pa thanki, kamene ngakhale mwana angakaone.

Sanakaone. Anamasula pulagi, anaipukuta, anaibwezera. Patapita kanthawi anaimasulanso, anaipukutanso. Zitsulo pathumba paja sizinalinso pamzere. Ndinawapeza atagwira sipanala akuitembenuza uku ndi uku, ngati chinthu chimene wina wawapatsa kuti asunge. Dzuwa linapendeka iwo ali pomwepo, osadya.

Ndinawapempha kuti akasambe m'manja. Atangopotoloka ndinatsegula kampopi kaja. Atabwerako ndinawauza kuti ayesenso kamodzi. Anaponda kiki, inalira.

Anamwetulira, anapukuta manja, kenaka anatembenukira kwa ine n'kunditcha mayi, ngati mlendo. Anati mayi, mukamuuze mwini wake kuti yatheka, abwere adzatenge. Sanandidziwe, achimwene. Masipanala ali pomwepo, sanandidziwe.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti mwini wakeyo ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati ndi mnyamata wawo wamkulu, amene anapita kutali kukagwira ntchito. Akuti ali mwana ankalirira kukwera njinga za makasitomala kugaraja, iwo n'kumamukaniza ndi kumukalipira, chifukwa sizinali zawo. Akuti iyi ndi yake, asalipire kanthu, ndipo wina aliyense akabwera ndisamupatse.

Munati mukuopa kuti tsiku lina adzaikwera n'kukagundidwa kumsewu. Mantha amenewo ndikuwamva, ndipo sindikukuimbani mlandu, inu muli kutali ndipo mumatiganizira. Koma chiigulireni sanaitsitsepo pa sitandi. Akuti makaniko sakwera njinga ya mwini.

Bambo aja akabwera ndi galimoto yawo, m'mawa mwake ine ndidzawononga chiyani? Ndipo ababa ndidzawauza kuti ndinapatsa ndani njinga ya mwana wawo? Mwina adzaiwala pofika madzulo, koma adzadzuka n'kupita kukhonde, adzapeza madontho a oyilo okha pasimenti. Kenaka adzatuluka pageti. Ine ndili ndekha, miyendo yanga ndi iwiri, ndipo atelala sadzakhalapo masiku onse.

Sindinakupemphenipo kanthu chichokereni inu. Lero ndikupempha ziwiri. Muwauze bambo aja kuti njinga sikugulitsidwa. Ndipo mubwere, ngakhale masiku ochepa, musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Dzina langa layamba kuwathawa. Lanu akadali nalo, koma sindikudziwa kuti alisunga mpaka liti.

Mukabwera musadzawatsutse. Mudzalandire kiyi ndi manja awiri, mudzaikwere, mudzazungulire mpaka pamphambano n'kubwerera iwo akuona pageti. Kenaka mudzatsike, mudzapukuse mutu, mudzawauze kuti ikuyenda bwino koma penapake pakugogoda, ndiye muisiya kaye kuti aione. Zotsalazo ndidzachita ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi anatumiza ija ababa akuivala, ngakhale manja ake ada ndi girisi. Ana muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira. Atelala akuti moni. Ababa sindinawauze kuti ndikulemba, kuopa kuti angakakhale pageti kuyambira lero.

Mulungu akusungeni pantchito panu, ndipo akupatseni njira yabwino yobwerera kuno.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.