Voti Yanga Ili Kutsidya

Okondedwa amalume a Jeremiya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko. Kuno kwa Mbenje tilipo, kungoti kukutentha.

Uthenga wanu ndaumva, woti ife akuchigwa tisamavotere thumba la chimanga, tizivotera mfundo. Amalume, mwaiwala kwanu? Kalembera wa chisankho anatipeza kukampu kumtunda, madzi osefukira atatithamangitsa. Ataphwa tinabwerera kumadimba kutsidya kwa Shire, poti kumtunda kuja chimanga sichilola. Mayina athu anatsala kukampu komweko. Kuti ndikavote ndiyenera kuwoloka pabwato ng'ona zikundiyang'ana, n'kuyendanso maola atatu.

Chipani china chalonjeza boti la injini tsiku lovota, ndipo chikuti chikapambana sichidzatisamutsa kumadimba. Apongozi anga anena poyera kuti, "Amene atiwolotse ndiye pulezidenti." Ndiwayankhe chiyani? Mfundo zanu zapawailesizo sizipalasa bwato.

Za mwana wanga Dorika musandifunse pafoni. Sukulu anasiya titachoka kukampu, ndipo sakugonanso pakhomo pano. Zina tidzakamba maso ndi maso.

Mupereke moni kwa azakhali. Ngati voti yanga mukuifunadi, tumizani bwato.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Rosa