Nsomba Zosadziwa Nyanja

Lachitatu, Mabvuku, muno mu Harare. Kwatentha, mpopi ukadali wouma.

Madamu amene ndimawagwirira ntchito apita ku Joni, andisiyira nsomba zawo za m'galasi, zija za m'madzi amchere. Dzulo ndinazithirira chakudya chambiri, poti kwathu mlendo sitimupatsa zochepa. Lero ndapeza madzi ali mbuu, ina yachikasu ikungopumira pamwamba. 

Ndaimbira bambo wogulitsa nsombazi. Akuti zakudya zotsala zimaola n'kuwononga madzi, ndizizipatsa ndere youma ndi tinkhanu ta mufiriji, tongokwanira kutha pompo. Matemba ndafunsa, akana. Madzi ena ndasintha, osakaniza ndi mchere wa m'thumba monga anenera.

Madzulo kunyumba ndawafotokozera Bambo anga. Aseka mpaka kutsokomola. "Bwera nazo kuno, madzi a pachibhorani, pamjigo pathu paja, ndi amchere kale!" Kenako afunsa kuti kwawo kwa nsombazi ndi nyanja iti. Ndawauza zomwe ndamva, kuti zinabadwira m'galasi, nyanja sizinaionepo.

"Ngati iwe," atero.

Zoonadi, ine Malawi ndimangomumvera m'kamwa mwawo. Mawa ndilawira, ndikaone ngati yachikasu yatsitsimuka. Koma kodi zimadziwa kuti mcherewo ndi wa m'thumba, kapena zimangoyesa kuti kwawo ndi komweko…