Mkuzi wa Mwayiwathu

Sparkhill, Birmingham
9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Tsangano? Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Nanga Annet ndi ana ake? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwaposa Juni wa kwathu. Mkamwini wanu Daniel ali bwino, akugwirabe ntchito ku Coventry.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuilandira. Miyezi isanu tsopano. Ndikaimba mumapatsira Annet, iye n'kumati mwapita kuchigayo. Amayi, chigayo chanji chimene chimakuitanani Lamulungu lililonse? Kalatayi ndapatsira a Willard a kutchalitchi kwathu, akubwera kumudzi. Mukakana kuiwerenga, ndamuuza Annet kuti akuwerengereni mokweza.

Mdzukulu wanu Mwayiwathu anadwala sabata yatha. Zinayamba ngati chimfine, titanyowa ndi mvula podikira basi pa Stratford Road. Tsiku lachiwiri anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha, matewera asanu ndi awiri tsiku limodzi. Adokotala anati ndizimuyamwitsa pafupipafupi, ndizim'patsa madzi a thanzi, ndipo akafooka ndithamangire naye kuchipatala. Zonsezo ndinamva. Koma nditabwerera m'nyumba, ndili ndekha ndi mwana wolira, ndinatulutsa foni kuti ndikuimbireni, n'kuibwezanso m'thumba.

M'nyumba ya pansi pathu mumakhala mayi wina wachitchaina, Mayi Leung, a msinkhu wanu. Kale ankagulitsa zakudya, pano miyendo ikuwavuta. Ndi olongolola, moni wawo ndi kukalipa. Atamva kulira anakwera masitepe ndi ndodo yawo, kulowa osaodira n'komwe. Anavundukula malaya a mwana, kumugwira pamimba, n'kundiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Akuti mimba yazizira, mphepo yalowera pamchombo, ndipo mayi wanzeru sasiya mchombo wa mwana poyera.

Anakazinga mpunga wouma m'chiwaya mpaka unafiira, anauwiritsa, n'kusefa madzi ake kuti ndizim'mwetsa ndi supuni. Kenako anakazinga mchere wamibulu pamodzi ndi jinja, anaumanga m'kansalu, anayesa kutentha kwake patsaya lawo, n'kuyamba kumuthowa pamimba, pamwamba pa malaya. Mwayi anasiya kulira mpaka anagona. Kaya ndi mpungawo, kaya ndi thanzi wa adokotala, kaya matenda anangotopa okha, ine sindidziwa. Pofika Lachisanu anali akukwawa n'kumandigwetsera mapoto.

Koma chandilembetsa kalatayi si chimenecho ayi.

Loweruka Mayi Leung anabweranso ndi kansalu kofiira kazingwe, kongophimba pamimba, kopetedwa kambuku pakati. Anamuveka Mwayi. Nditafunsa kumene anagula, anati sanagule, anasoka okha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kusokera mdzukulu wawo wa ku Wolverhampton. Mwana wawo Jade anakabweza kali m'pepala lomwelo, akuti mwana wake si wakumudzi. Ananena zimenezi akumanga mfundo, osandiyang'ana. Atatha anandikalipira kuti hita yanga yotenthetsera m'nyumba ndi yaulesi, n'kutsika.

Amayi, ndinakhala pansi n'kulira ngati ndafedwa. Jade ameneyu ndine.

Mukukumbukira mkuzi umene munapota Mwayi atabadwa, uja munatumiza pamodzi ndi mankhwala a liwombo. Ndinakuuzani pafoni kuti ndi zachikale, kuti anesi a kuno akauona andiseka, mwinanso kundilanda mwana. Inu munangoti chabwino, mulereni mwachizungu. Simunafunse kuti ndauika kuti. Ndinautaya, Amayi. Ndinauponya m'bini pamodzi ndi matewera, Daniel akundiletsa, ine n'kumadziona wophunzira.

Ndiye taonani lero. Mwana wanga wavala nsalu ya agogo a eni, ndapita naye kusikelo, palibe nesi wandiseka. Wina anachita kunena kuti n'kokongola! Ine amene ndinakana za mayi anga ondibala ndalandira za mayi wa mnzanga ndi manja awiri, n'kuthokoza chogwada. Manyazi ake sindikudziwa kowaika. Ndinalakwa, ndikhululukireni.

Ndakusowani kwambiri. Kuntchito ndimasambitsa amayi a anthu tsiku lonse, kuwapesa tsitsi, kumvera nkhani zawo zobwerezabwereza, pamene anga sindinawamve mawu chiyambire Seputembala. Mwayi wamera mano awiri. Akakwiya amakwinya chipumi ngati inu, mpaka Daniel amati apongozi afika. Koma mawu anu sawadziwa.

Mankhwala a liwombo musatumize, pamenepo pokha tidzakanganabe, makani ndinatengera inu. Koma mkuzi ndikuupempha. M'envelopu muno mupezamo ulusi woyera. Ndamuyeza nawo m'chiuno m'mawa uno, iye akundimenya mateche. Popota muwonjezere zala ziwiri, chifukwa a Willard abwerera mwezi wamawa ndipo mwanayu akudya ngati waganyu. Ngati mtima wanu sunatsike, ingondibwezerani ulusiwo. Ndimva, ndipo ndidzamuyezanso n'kutumiza wina.

Mundiperekere moni kwa Annet, amalume a Chawe ndi amayi onse a mvano. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu mpaka tsiku limene mudzam'bereke mwanayu kumbuyo kwanu.

Ndine mwana wanu wosamva,
Deliwe