Chithunzi Chomwe Ndinachikana Lolemba

Nima, Accra
Lachinayi, 19 Juni

Wokondedwa mlongo wanga Barikisu,

Landira moni wanga. Uli bwanji kumudziko? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Za bambo sindifunsa pano, chifukwa ndakhala ndikufunsa pafoni chaka chathunthu ndipo yankho lanu ndaliloweza: ali bwino, ali pansalu, akuwomba. Ine kuno Mulungu akundisunga.

Usadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakalekale. Foni yanga sukuyankha chiyambire Lolemba, ndipo sindikukuimba mlandu. Amalume a Soale akukwera basi ya ku Tamale mawa m'mawa, ndiye ndawapatsira kalatayi m'manja. Akawoloka mtsinje Loweruka ikupeza. Uiwerenge mpaka kumapeto ngakhale uli chikwiyire.

Mvula kuno yatikwana. Sabata yatha madzi a m'ngalande analowa m'chipinda mwanga, nsapato n'kumayandama ngati mabwato a padoko lathu. Mwininyumba anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti madzi ndi a Mulungu, iye sangalimbane nawo. Ndinamuuza kuti kampanda ka simenti pakhomo amamanga ndi anthu. Anangoseka n'kumapita.

Kuntchito zikuyenda. Nyengo ino tikusindikiza zikwangwani za maliro zochuluka. Achibale amabwera ndi kachithunzi ka malemu n'kumati tichotse makwinya, tiwalitse nkhope, mano ayere. Ine ndimachita zomwe andiuza. Munthu amatuluka m'makina atabwerera m'mbuyo zaka makumi awiri, adzukulu ake omwe osamuzindikira.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Ndi ya ntchito ina ija yopanda malipiro, imene amayi amati ndi misala yanga. Nditabwera pa Idi chaka chatha ndinakusiyira foni yanga yakale, n'kukuonetsa mmene umaikira zithunzi pa nkhokwe ija ya pa intaneti, imene anthu ongodzipereka a m'mayiko onse amasonkhanitsamo zithunzi kuti aliyense azigwiritsa ntchito mwaulere. Ndinakuonetsanso dzina limene ine ndimadziwika nalo kumeneko. Iwe lako sunandiuze, ndipo ine ndinaganiza kuti unangomvera mwaulemu basi, monga umachitira ndikayamba kulongolola.

Chimene sindinakufotokozere ndi mmene timawunikira. Munthu akaona kuti chithunzi chake ndi chabwino, amachipereka pamndandanda kuti chilandire chidindo cha ubwino. Mmodzi wa ife akale amachiona, n'kulemba kuti chikwezedwe kapena ayi, ndi chifukwa chake. Koma kaonedwe kathu ndi kachilendo. Sitiyang'ana chithunzi chonse. Timachikulitsa mpaka kadontho kalikonse kaonekere, kenako timayendayenda m'makona kusaka cholakwika, ngati munthu wosankha miyala mu nyemba. Ndachita zimenezi zaka zisanu, ndipo ndinkanyada kuti palibe kamwala kondidutsa.

Lolemba lija inali nthawi ya nkhomaliro. Ndinali ndi waakye wanga, mpunga wophika ndi nyemba uja, pamasamba, kompyuta ya kuntchito patsogolo, zithunzi makumi anayi zikudikira wowunika. Cha pakati ndinapeza cha munthu wina watsopano, wodzitcha Mwana wa Tsidya. Chinali cha manja a munthu wowomba nsalu, nkhope osaoneka. Ndinachikulitsa, diso langa linagwera pa dzanja lamanzere, ndinaona kuti ndi lachimbuuzi, basi. Ndinalemba kuti dzanja silikuoneka bwino, wojambula ananjenjemera, ayambe waphunzira kugwira foni asanabweretse zithunzi kuno. Sindikhulupirira kuti mphindi imodzi inakwana. Ndinapitiriza kudya.

Ndikukulembera mawuwo ndendende kuti udziwe kuti sindikuwachepetsa. Ngakhale kwa mlendo anali mawu oipa.

Lachitatu m'mawa kunabwera Mayi Lamiley kuntchito kwathu. Iwe suwadziwa. Ndi namwino wopuma ntchito wa ku Jamestown, amajambula mbalame ndi mabwato a asodzi, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kuwunika. Analowa ambulera ikudontha, osapatsa moni abwana anga, n'kuloza kompyuta.

"Mwana iwe, maso akowo unawaiwala m'thumba la buluku? Tatsegula chithunzi chimene unachikana Lolemba."

Ndinawauza kuti Lolemba ndinakana zambiri. Iwo anati akunena cha munthu amene ndamuthamangitsa, chifukwa Lachiwiri mwiniwake anapempha kuti chifufutidwe, pamodzi ndi zina zonse zisanu ndi chimodzi zimene anaika. Anandikumbutsa lamulo lathu loti watsopano sitimuluma. Ndinayamba kudziteteza, ndikuti chimbuuzi ndi chimbuuzi, chidindo sitigawa chifukwa cha chisoni.

"Khala chete, werenga ulusiwo," anatero. "Ukutha kuwerenga?"

Ndinkatha. Ulusi uliwonse unali poyera, woyera ndi wa buluu, mpaka timaubweya take.

"Ndiye wojambula akanjenjemera, ulusi umaoneka chonchi? Chithunzi chonse chikanasokonekera. Mwanayu anagwira foni ngati mwala. Chimene chinanjenjemera ndi dzanjalo."

Ndinati mwina wowombayo anali mkati mwa ntchito, dzanja likuyenda. Anandiyang'ana monga amayang'anira wodwala amene akunama kuti mankhwala anamwa. Anandionetsa kuti kamtengo koponyera ulusi kanali kataikidwa pansalu, dzanja lamanja lili phee pambali pake. Munthuyo sankawomba, ankapuma. Anati kuchipatala anaona manja otere ambiri, onjenjemera mwiniwake atangokhala, ndipo n'kofunika kuti wina amuuze wojambulayo apite ndi mkuluyo kwa dokotala.

Apo m'pamene ndinachepetsa chithunzicho n'kuchiona chonse, koyamba. Barikisu, kamtengo kaja ndi kamene ndinakathyola ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditakaponda pothawa chikwapu cha amayi. Bambo anakamanga ndi waya wa mabuleki a njinga, n'kunena kuti sagula kena kuti ndizikumbukira. Wayayo anali pomwepo. Chipsera cha pachala chachikulu chinali pomwepo. Mphasa imene amakhalira, mtengo wa chowombera nsalu umene amautsamira pachifuwa, wosalala ndi thukuta lawo, zonse zinali pomwepo chiyambire Lolemba, ine ndili kalikiliki m'makona.

Mayi Lamiley anaona nkhope yanga n'kufunsa ngati ndikumudziwa munthuyo. Nditawayankha kuti ndi bambo anga, anakhala pansi pampando wa makasitomala.

Masana omwewo ndinapita kumsika kumene amalume amagulitsa fugu, malaya a nsalu yowomba pamanja aja, akabwera kuno. Ndinawafunsa mwachindunji kuti dzanja la bambo latani. Anayamba za mvula, za bwato latsopano la padoko, za mwana wa a Issifu amene akukwatira. Ndinatenga malaya amodzi pamulu n'kuwatembenuza. Nsalu ya bambo ndimaidziwa ngakhale nditatseka maso, m'mphepete mwake mumakhala molimba ngati mwasokedwa. Pamulu wonsewo panalibe ngakhale imodzi. Ndinawauza zimenezo.

"Mphwanga, ukufuna undiphetse kwa alamu anga?" anatero. "Ine sindinanene kanthu, wamva? Waona wekha ndi maso akowo."

Kenako anandiuza zonse. Akuti zinayamba mvula ya chaka chatha itangotha. Akuti bambo amakhalabe pansalu m'mawa uliwonse, koma mzere umodzi umawatengera sabata, ndipo nthawi zina amaumasula okha anthu asanauone. Akutinso anakusonkhanitsani nonse n'kunena kuti wotsegula pakamwa kwa Tahiru si mwana wawo, chifukwa ndikamva ndisiya ntchito n'kubwera kudzawayang'anitsitsa ngati munthu wa pachikwangwani cha maliro.

Iwe pakamwa sunatsegule. Unasunga mawu a bambo. Unangotenga foni ija, n'kuika dzanja lawo pamalo amene unkadziwa kuti mchimwene wako amayang'anapo tsiku lililonse. Ndipo ndinayang'anadi, n'kukuuza kuti ukaphunzire kugwira foni. Ndaganiza zimenezi kwambiri. Sindikudziwa kuti unadikira masiku angati chithunzicho chisanafike kwa ine, kaya unkayembekeza kuti ndiimba foni ndikulira kapena ndikukalipa. Chilichonse mwa ziwirizo chikanakhala bwino kuposa chimene unalandira. Ndachita manyazi, mlongo wanga, ndipo pepa.

Poyamba ndinakwiyira bambo, ndinakwiyiranso amayi, ngakhale iwe amene pang'ono. Koma ndikakhala pansi ndimaona kuti nanenso ndinkakonda yankho lija loti ali bwino, ali pansalu. Linali lalifupi ndipo linkandilola kubwerera ku zanga. Chaka chonse sindinapemphepo kuti muwapatse foni agwire okha nthawi yaitali. Munkati ali otanganidwa, ine n'kumavomera.

Za chithunzicho, zinthu zili motere. Ine sindingachiwunikenso, chifukwa chithunzi cha m'bale wako suchiweruza. Mayi Lamiley atsutsa chigamulo changa, ndiye chapita pabwalo pamene anthu ambiri amakambirana n'kuponya mavoti. Sindikunamiza kuti chipambana. Wina walemba kale kuti chimbuuzi ndi cholakwika basi, chifukwa chake chikhale chotani. Wina wamuyankha kuti pa zithunzi zonse za owomba nsalu zimene tili nazo, ichi chokha n'chimene chikuonetsa kuti owomba amakalamba. Akadakanganabe. Chidindocho chibwere kapena chisabwere, ine sichikundidetsanso nkhawa.

Chikundidetsa nkhawa ndi pempho lako lofufuta lija. Pempho lotere limadikira masiku asanu ndi awiri, ndipo popeza wapempha ndi mwiniwake, Lachiwiri likudzali akhoza kuchichotsa. Amalume akuti anamva pafoni kuti utakwiya unachifufutanso m'foni mwako. Ngati n'zoona, ndiye kuti chimene chili pa nkhokwepo n'chokhacho chatsala. Ndafufuza m'zithunzi zanga zonse. Ndili ndi milatho, misika, mizikiti ya anthu ena, zoposa zikwi zitatu, makumi asanu ndi limodzi mwa izo zili ndi chidindo. Cha bambo ali pansalu ndilibe ngakhale chimodzi. Ndinkati ndidzajambula ndikadzabwera ndi kamera yabwino.

Ndikanatha kuchikopera mwakachetechete n'kusunga changa, lamulo limalola. Dzulo ndinafika poika chala pabatani. Ndinaleka, chifukwa ndinaona kuti ndikufuna kutenga chinthu chimene wochijambula wachibweza ndipo mwini dzanja sakuchidziwa.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikafika, tenga foni upite nayo kwa bambo, uwaonetse chithunzicho pa nkhokwe paja. Uwauze kuti Tahiru waona, ndipo palibe amene anatsegula pakamwa. Uwafotokozere bwinobwino kuti chikakhala pamenepo, munthu aliyense padziko akhoza kuchiona ndi kuchigwiritsa ntchito, m'buku kapena m'nyuzipepala, dzanja lili momwemo. Akakana, chisiye chifufutidwe, ine sindidzatchulanso. Akalola, chotsa pempho lako lisanafike Lachiwiri, ndipo pamene unangolemba kuti wowomba nsalu wa ku Daboya, ulembepo dzina lawo lonse. Awombera anthu nsalu zaka makumi anayi, malaya awo avalidwa ndi mafumu, dzina lawo silinalembedwe paliponse.

Ndapempha tchuthi. Abwana anayamba ndi zoti maliro achuluka, ndinawauza kuti n'chifukwa chake ndikufuna kupita panopa. Andipatsa sabata yoyamba ya Julaye. Mayi Lamiley andilembera papepala zoyenera kukafunsa kwa dokotala ku Tamale, akuti pali mankhwala amene amachepetsa kunjenjemerako ngati munthu sanachedwe kwambiri. Zimenezi usawauze bambo, ndidzalimbana nawo ndekha. Ndikudziwa kuti adzandithamangitsa, koma miyendo yanga ikadali yaitali kuposa yawo.

Pali chinthu china chimene uchione ukatsegula tsambalo. Pa nkhokwe paja mawu amene munthu walemba powunika safufutidwa. Ukasintha maganizo umangowadula ndi mzere, n'kulemba atsopano pansi pake, akalewo n'kumawerengekabe. Choncho mawu anga a Lolemba ali pomwepo, ndi dzina langa, ndipo aliyense wodutsa aziwaona. Ndinapempha Mayi Lamiley ngati pali njira yowabisira. Anati ilipo koma sandithandiza, akhale pomwepo azindiphunzitsa. Pansi pake ndalemba kuti wojambula sananjenjemere, ndinalakwitsa ndine, ndipo dzanjalo ndi la bambo anga.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mafuta opaka mwendo aja ali m'chikwama cha amalume. Moni kwa azakhali a Fuseina ndi ana awo, kwa alamu athu a Nuhu, ndi kwa onse a pakhomo la agogo. Bambo uwagwadire m'malo mwanga monga mwa nthawi zonse. Ukatha kuwapatsa moni ndi dzanja lamanja, ugwirenso lamanzerelo, ulisunge m'manja mwako mpaka atakufunsa kuti wakutuma ndani.

Ndine mchimwene wako wokukonda,

Tahiru