Ng'ombe Zanga Makumi Anayi Zalowa M'kafukufuku

Lolemba, 3 Malichi

Madzi pampopi abwera m'mawa, apita m'mawa momwemo. Bondo likukana kupinda.

Koma mlendo! Mtsikana wa chipewa, chikwama kumsana, m'manja kagalasi kolembapo ndi chala. Akuti kafukufuku wa dziko lonse. Akufuna kudziwa ana a ku koleji olandira thandizo la fizi: kwawo nkotani, akukhoza kapena ayi, akamaliza amathera kuti. Dzina la Injiniya, mdzukulu wanga, lagwera m'gulumo. Mwiniwake ali ku koleji, amayi ake, apongozi anga, ali kumsika. Pakhomo ine ndekha. Munthu wa makutu awiri athunthu, wodzibweretsa yekha kudzandifunsa mafunso. Zinachitika liti zotere?

Akuti, "Agogo, muzingoti inde kapena ayi." Ine? Amenewo ndi mayankho a kupolisi.

Muli ndi ziweto? Ndinayamba ndi chilungamo: nkhuku ya atelala oyandikana nafe imene imagona pazenera pathu. Nkhope ya mtsikana zii. Ife ofotokoza nkhani timayang'ana nkhope, ikazizira timasonkhezera. Nkhuku inasanduka mbuzi. Nsidze zake zinakwera pang'ono. Mbuzi zinasanduka ng'ombe. Pofika makumi anayi, kukamwa kunali yasa. Galimoto? Lole ya buluu. Nyumba? Ino njongopumulirako, yeniyeni ili ndi masitepe.

Chala chake gogogo pagalasi. Tiyi makapu awiri. Tsiku lokoma.

Lachiwiri, 4 Malichi

Za ng'ombe zija ndanena ndekha, ndi pakamwa pangapa, modzitama. Apongozi anagwetsa sipuni. Sanaitole. Anangoimba foni.

Masana Injiniya uyu, thukuta kamukamu, mabuku ali kukhwapa. Moni sanapereke. "Agogo, thandizo lija amapatsa osauka! Osauka! Mwandipatsa ng'ombe zanji?"

Kani fomu yake ya chaka chomaliza ili ku ofesi ya thandizo mwezi uno. Akaona lole ya buluu, amufufuta. Zaka zitatu za mapaipi ndi masamu, kutsala chimodzi chokha. Popanda thandizo palibe chaka chimenecho. Tomato wa apongozi sangalipire ngakhale chitseko cha kalasi.

Ndinati ndimangokometsa. Akuti, "Mukometse maliro anga."

Analira. Mwana amene sanalire ngakhale tsiku limene tinaika bambo ake. Chakudya chinandikanika. Ndinadya theka lokha, ndi kotsala m'mbale mwake.

Lachinayi, 6 Malichi

Dzulo sindinalembe. Manyazi.

Mtsikana uja anasiya kapepala ka nambala. Ndabwereka foni ya atelala kuti ndikonze zinthu. Wayankha mayi waulemu. Ndamufunsa za kunyumba, za ana, za mvula kumeneko. Mayunitsi atha ndili pa moni.

Atelala, singano ili pakamwa, akuti, "Achimwene, ng'ombezo munazilowetsa ndi pakamwa. Zipheni ndi pakamwa pomwepo."

Mutu wa munthu ameneyu! Ndakhala pabenchi pake tsiku lonse kupha ng'ombe. Matenda ndawakana, amachedwa. Akuba ndawakana, abweretsa apolisi. Ndapeza iyi: ng'ombe zonse makumi anayi zinakwera lole ya buluu, mabuleki anaduka pamtsetse, lole inakalowa m'nyumba ya masitepe. Mavuto atatu, ngozi imodzi. Ndaikamo kamwana ka ng'ombe kamene kanapulumuka nkumalira pabwinja, kenaka nako nkufa ndi chisoni, chifukwa kakatsala kalowa m'fomu.

Ndayeserera pa atelala. Pofika pa kamwanako, anali atasoka mwendo wa thalauza la kasitomala kutseka kumapazi. Ndiye kuti nkhani yapsa.

Lachisanu, 7 Malichi

Uthenga pafoni ya apongozi. Mkulu wa kafukufuku abwera Lolemba "kudzatsimikiza mayankho ena". Ena ati? Tonse tikudziwa.

Apongozi akuti, "Bambo, ndimakulemekezani ngati ondibereka. Koma Lolemba mukatsegula pakamwa, ndikutsekerani m'bafa."

Tasamutsa chuma kuti umphawi uoneke bwino. Mipando iwiri, wailesi, wotchi yakufa ija, zonse kwa atelala. Titachotsa, tayang'ana m'nyumba. Kusiyana kwake kochepa. Apongozi anaseka mpaka kukhala pansi, poti pena pokhala panalibe.

Lolemba, 10 Malichi

Wabwera. Bambo wowonda, tayi, mpango wopukutira thukuta. Kumbuyo kwake mtsikana wa chipewa uja, maso pansi. Injiniya wajomba kalasi. Tonse chiimire ngati pa siteji ya basi.

Akuti makina awo ndiwo anakana. Zipinda ziwiri za lendi, bafa logawana ndi mabanja anayi, ng'ombe makumi anayi. Akuti ataphatikiza makomo onse a dera lino nkugawa, zinaoneka kuti wophunzira aliyense wosauka kuno ali ndi mwendo umodzi wa ng'ombe. Lipoti likanapita choncho mpaka kwa akuluakulu. Ine ndekha kulemeretsa dera lonse! Ndinamva kukoma pang'ono, ndisaname.

Injiniya anafunsa za fomu yake. Bamboyo akuti, "Ayi, chemwali. Ife mayina timachotsa. A thandizo ndi ofesi ina, saona zimenezi. Kwa ife agogowa ndi nambala chabe."

Nambala chabe. Ine.

Mwana anatsamira khoma, kupuma ngati wotula mtolo. Ine ndinakonza kukhosi kuti ndiyambe za ngozi, poti inali yokonzeka kale. Apongozi anayang'ana kubafa. Ndinameza.

Anafunsanso zonse. Ziweto? Ayi. Galimoto? Ayi. Nyumba yanuyanu? Ayi. Penshoni? Ayi. Alipo pakhomo pano amene anafikapo ku koleji kale? Ayi. Mphindi zinayi basi. Nkhani yaifupi chonchi sindinanenepo chibadwire, ndipo yoipa. Palibe anakweza nsidze.

Atelala akukaniza wailesi. Akuti yazolowera kwawo.

Lachitatu, 12 Malichi

Injiniya anabwera ndi mabanzi. Fomu yake yapambana gawo loyamba. Chatsala nchakuti a ofesi ya thandizo adzaone pakhomo Lachisanu. Amenewa ndiye amalemba mayina.

Anakhala pafupi nane pakhonde, nkumanyema banzi osadya. "Koma agogo, munanamiranji?"

Ndinafuna kuyamba ndi chaka chimene ndinabadwa. Zinakana. Ndinangoti: munthu wabwera kudzalemba m'buku la dziko lonse zimene agogo ako akupatsa, ndiye ndinene kuti palibe? Ngakhale cholembera?

Ananyema banzi lina pakati. Anandipatsa theka lalikulu.

Za Lachisanu ndayamba ndine, asanandipemphe. Ndadziyesa ndekha: mlendo atakhala apo, nkhope itazizira, ndingapirire? Mphindi zinayi zija ndinatuluka thukuta. Awa akuti amakhala ola lathunthu. Sindingathe. Chaka cha mwana sichingadalire pakamwa panga.

Ndiye ndati ndikaone mlongo wanga, wakhala akudandaula kuti ndinamutaya. Apongozi sananene nkomwe zoti khalani. Tikiti anagula msangamsanga, ngati inali kale m'thumba.

Lachisanu, 14 Malichi, m'basi

Ndanyamuka alendo asanafike. Injiniya wandinyamulira chikwama mpaka pakhomo la basi, wandifinya dzanja. Pano mwina akumufunsa. Ayankhe yekha, mwana wa mayankho aafupi. Mulungu amuone.

Zolemba zikugwedera, msewu woipa. Kondakitala akuti ulendo ndi wa maola asanu ndi limodzi, poima palibe. Anthu makumi asanu, mawindo osatseguka. Bambo wakhala pambali pangayu wangondifunsa kumene kuti kwathu ndimagwira ntchito yanji