Njala ya Dala M'khola la Nkhunda

Akulu anga Ba Lackson,

Muli bwanji uko ku Solwezi, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ku Matero tili bwino, amama mwendo wasiya kuwawa. Koma ine mtima wanga ndi wowawa.

Kodi ndani ananena kuti nkhunda yanjala ndiyo imafulumira kubwera kunyumba? Aliyense kuno amakhulupirira zimenezi, ndi atate omwe. Kutatsala masiku awiri kuti nkhunda zikaulutsidwe ku Kapiri pa mpikisano wobwerera kunyumba, atate anatseka khola lanu, n'kumazipatsa madzi okha. Ndinabwera ndi chimanga, mapira ndi nshawa, ndikuwauza kuti mbalame youluka mtunda wotere imafunika mafuta m'thupi. Anandiseka pamaso pa anzawo. Akuti, "Iwe, digiri yako ya viweto yakupasa nchito? Nkhunda yokhuta siikumbuka kwao."

Tinatumiza khumi ndi ziwiri. Zinabwera bwino zisanu zokha. Mfumukazi, yamawanga oyera ija munailera pamanja, inafika tsiku lachitatu n'kugwera pa malata a Ba Mulenga oyandikana nafe. Nditainyamula, fupa la pachifuwa linali lakuthwa ngati mpeni. Inafera m'manja mwanga, atate akungoti inali yaulesi.

Zaka zinayi ndinaphunzira zimenezi, koma pakhomo pano ndikadali mwana.

Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Khola ndi lanu, nenani woti azidyetsa. Mulungu akusungeni m'migodi umo.

Yankho lanu sindinalidikire. Dzulo ndinagula loko watsopano, zisanu zija ndazidyetsa mpaka kukhuta, kiyi ndavala m'khosi.

Ndine mng'ono wanu,
Chisomo