Magalasi Anga ndi Benchi Yakumbuyo

Lolemba, 9 Juni
Amayi anditengera magalasi kuchipatala cha maso. Akuda, onenepa, oipa. Ndinawavala m'mawa, mpaka ndinaona ming'alu ya pakhoma imene sindinkaidziwa. Kusukulu ndiye ayi. Ndangowatulutsa pa buleki, Tsabola, mwini wake wa benchi yathu yakumbuyo, waseka mpaka kugwira m'mimba. "Agogo, mwabwera kudzatenga chidzukulu?" Mapasa amene timakhala nawo pa benchipo nawonso kuseka, poti Tsabola akaseka iwo sachedwa. Ndawabwezera m'chikwama.

Lachiwiri, 10 Juni
Bolodi ndi utsi wokhawokha. Ndikukopera kwa mmodzi wa mapasa, ndipo kalembedwe kake ngati nkhuku yapalasa. Tsabola sakopera n'komwe, akuti kulemba n'kwa anthu opanda mutu.

Lachinayi, 12 Juni
Bambo: "Masamu ukalepheranso teremu ino, ubwereza Fomu 3. Ndanena." Sanakweze mawu, ndiye poipa pake. Kenako amayi kufunsa ngati magalasi akundithandiza m'kalasi. Ndati eya. Ndadzida.

Lachisanu, 13 Juni
A Choko, aphunzitsi a masamu, alengeza mayeso Lachitatu. Makina osindikizira afa, ndiye mafunso adzalemba pa bolodi.

Ndauza anzanga kuti ndidzakhale kutsogolo tsiku limenelo lokha. Tsabola sanandiyang'ane. "Pita. Koma ukapita, usabwerenso kuno. Ofuna kuoneka anzeru tilibe nawo malo."

Loweruka, 14 Juni
Kuwerenga ndawerenga, masamuwo ndikuwadziwa ndithu. Nanga funso losaliona ungaliyankhe?

Lolemba, 16 Juni
Pali mtsikana amene anachoka pa benchi yathu chaka chatha. Lero ndamuona akudya yekha pansi pa masitepe, buku lili pamiyendo. Tsabola anauza anthu kuti amanena anzake kwa aphunzitsi, mpaka pano palibe womulankhula. Ndikuopa kukhala ngati iye. Kubwereza ndikuopanso. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 18 Juni


Ndinakhala kumbuyo komweko, wamantha ine. A Choko anadzaza bolodi yonse n'kuti, "Yambani." Ndinatsinzina diso limodzi, ndinakoka chikope ndi chala, palibe. Anzanga akutsogolo ali kalikiliki kulemba, pepala langa lili ndi dzina lokha. Ndinaona nkhope ya bambo akundiperekeza m'kalasi la ana amene ndinkawaseka.

Ndinatsegula chikwama. Zipi inalira ngati yalipidwa. Ndinavala magalasi aja.

Mmodzi wa mapasa anafwenthera kuseka. Makutu anga anatentha, koma bolodi inali mbee, nambala iliyonse pamalo pake. Ndinalemba osadzutsa mutu, kudikira mawu a Tsabola. Sanabwere.

Nditafika funso lomaliza ndinacheuka. Aka kanali koyamba kumuona Tsabola bwinobwino m'kalasi. Khosi analitambasula, maso atafinya mpaka kutuluka misozi, chala chikukoka chikope. Papepala pake panali dzina lokha.

Anaona kuti ndaona. Nkhope inauma, ndinaganiza kuti andituka pomwepo. A Choko atatembenukira kuzenera, Tsabola anasendera pafupi, mawu ali pansipansi:

"Ukamaliza undibwereke."